Pulani ya zaka zisanu: tilembetse kwa katswiri kapena tilembe tokha?

Mayi wina wa kwa Jalasi, amene amatsogolera kabungwe kobwezeretsa atsikana kusukulu, wanditumizira imelo. Akuti madona (opereka thandizo la ndalama) awauza kuti popanda pulani ya zaka zisanu ndalama sizituluka, ndipo munthu wina wa ku Blantyre walonjeza kuwalembera m'masiku atatu. Akufunsa ngati alipire.

Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Mapulani olembetsa ndawaona ambiri: chikuto chokongola, Chingerezi chozama, koma wapampando wa bodi sanawerengepo ngakhale tsamba limodzi, ndipo amathera m'kabati kudyedwa ndi chiswe. Ntchito yaikulu ya pulani ndi kukuuzani zimene mudzakana. Mabungwe ang'onoang'ono kuno ku Mangochi amafa ndi kuvomera chilichonse. Lero za atsikana, mawa kwamveka ndalama za mitengo ndiye tonse tasanduka odzala mitengo, mkucha za ukhondo chifukwa kolera wa 2022 ndi 2023 anatipweteka kwambiri kunyanja kuno. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu wa ku Blantyre uja sangakusankhireni chokana, chifukwa sadziwa amene mudzawakhumudwitse.

Itanani bodi, aphunzitsi angapo, amayi a mother group, mfumu, shehe ndi abusa, komanso atsikana eniakewo. Atsikanawo muwamve paokha, chifukwa pamaso pa akuluakulu sangalankhule, ndipo ngati Chiyao ndicho chimawamasula, zokambiranazo zichitike m'Chiyao. Funso likhale limodzi: pofika chaka chachisanu, m'midzi ingati ndi m'masukulu ati mudzakhala mutasintha chiyani? Yankho litenge masamba anayi basi. Mukatero onani mapulani a VDC ndi ADC (makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a kwa mfumu yaikulu) a dera lanu ndi ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo, kuti mukadzaimirira pamaso pa DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe kukhonsolo, asadzakufunseni kuti ntchitoyi anakutumani ndani.

Pa bajeti ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anawerengera mafuta a njinga yamoto ndi fizi pa mitengo yakale anapezeka kuti ndalama za chaka chonse zatha miyezi isanakwane. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ndipo amene ankayamwa bere limodzi lokhalo anatseka maofesi. Choncho lembani bajeti ziwiri: ya pamene zinthu zili bwino, ndi ya pamene mwatsala ndi theka. Yachiwiriyo ikunenereni poyera ntchito imene simudzaisiya ngakhale alawansi atasowa. Kalendala nayonso ikhale ya kwathu kuno. Msonkhano wa Lachisanu masana kapena maphunziro odyera pamodzi m'mwezi wa Ramadan, mudzakhala nokha ndi mipando, ndipo dzinja likafika misewu ina siyidutsika.

Za utsogoleri wanu ndinenapo zochepa, koma zowawa. Cheke chisasayinidwe ndi inu nokha, ndipo msungichuma asakhale mlamu wanu. Bodi ikumane miyezi itatu iliyonse, pulani ili patebulo, mlembi akulemba, ndipo mukhale munthu mmodzi amene saopa kukutsutsani. Lipoti loipa litumizeni msanga kwa madona, asadzamve kwa ena. Ine ndinabisapo kulephera kwa ntchito ina kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chimene chinawakwiyitsa atadziwa chinali kubisako. Zikalata za ku NGORA (bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma) ndi ku CONGOMA (mgwirizano wa mabungwewo) muzione ngati zili m'malo, chifukwa madona adzazifunsa asanatsegule n'komwe pulani yanu.

Katswiri uja mungamuitane pamapeto, masamba anu anayi atalembedwa kale m'Chichewa, kuti awasandutse Chingerezi ndi kukonza matebulo amene madona amawakonda. Ntchito imeneyo ndi ya tsiku limodzi, ndipo mumulipire ya tsiku limodzi.