Andikweza pa ntchito, koma akuti ndisamukire ku Lilongwe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa anansi athu a ku Ntcheu. Dzina ndabisa monga anapempha. Akuti: "Ndagwira ntchito zaka 6 pa kampani yogulitsa mbewu ndi feteleza, pa nthambi yake ya pa boma pano. Abwana andiimbira foni kuti andikweza, ndikakhale woyang'anira masitolo kulikulu ku Lilongwe, ndipo awonjezera K90,000 pamwezi. Za kusamuka sanakambepo. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ali Sitandade 8. Ndikuopa kuti ndikafunsa zambiri andiona ngati wosayamika, mwayi n'kupita kwa wina. Nditani?"

Achemwali, poyamba ndikuyamikireni. Zaka 6 mukuwerenga matumba m'fumbi la nyumba yosungiramo katundu si masewera. Koma pa foni paja ndikhulupirira simunathamangire kunena kuti "zikomo kwambiri bwana, ndavomera." Ife tinaleredwa kuti wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, osachitembenuza kuti uone kunsi. Khalidwe limenelo ndi labwino pakhomo. Pa nkhani ya malipiro limaluzitsa.

Ndikunena zimene zinandionekera. Zaka zapitazo, pamalo pena pamene ndinkagwira ntchito, anandisamutsa kuno ku Dedza atandilonjeza pakamwa kuti lole ibwera Loweruka. Ndinamanga katundu yense, bedi ndinamasula, mbale ndinakulunga m'zitenje, nyumba ndinabweza kwa mwini wake. Lole sinabwere. Lolemba nditafunsa, anandiyankha kuti amene analonjeza uja ali patchuthi, ndipo palibe pamene zinalembedwa. Ndinachita hayala lole ndi ndalama yapangongole, n'kugona pamphasa sabata yathunthu podikira malipiro.

Tsono tengani kope ndi cholembera, muyambe kuwerengera zimene mukusiya, musanawerengere zimene akukupatsani. Ku Ntcheu mwina kuntchito mumapita wapansi. Chimanga chimachokera kumunda kwanu kapena kwa amayi. Kabichi, tomato ndi kachewere mumagula pa mtengo wa kumene zimalimidwa, poti Lizulu ndi Tsangano ndi pakhomo panu. Mwana akadwala, azakhali ake ali pafupi. Ku Lilongwe zonsezi zimasanduka ndalama. Kachewere yemweyo mukamupeza atakwera lole makilomita oposa 100, ndipo ulendo wakewo mudzalipira ndinu. Mukapeza nyumba ku Area 25, Area 36 kapena Likuni, ofesi ili kwina, ndiye minibasi m'mawa ndi madzulo, mwinanso kabaza pamwamba. Eni nyumba ambiri mumzindamo amafuna lendi ya miyezi itatu musanalowe. Imbirani foni anthu awiri kapena atatu okhala kumeneko akuuzeni mitengo ya lero, osati ya chaka chatha. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wakale sukuuzani kanthu.

Ndiponso K90,000 ija sifika yonse m'manja mwanu. A MRA adulapo msonkho wa PAYE, ndipo malipiro akamakwera, gawo lapamwambalo limatha kugwera pa mlingo wokwera wa msonkho. Ya penshoni, 5 peresenti, ichokanso. Pemphani a ku akaunti akuwerengereni yotsala m'manja. Mukaiyika pambali pa lendi ndi thiransipoti ya ku Lilongwe, mutha kupeza kuti udindo wakwera koma ndiwo zatsika. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa za malipiro enieniwo, vuto la kukwezedwa mkati mwa kampani ndi lakuti abwana amadziwa kale zimene mumalandira. Amangotenga ya lero n'kuikapo kena kake pamwamba. Munthu wochokera kunja akanamulipira molingana ndi udindowo. Funso lanu lisakhale lakuti "mundiwonjezera zingati?" koma lakuti "udindo umenewu uli pa giredi iti, ndipo malipiro a giredi imeneyo amayambira pati n'kulekeza pati?" Ili ndi funso laulemu, ndipo a HR, a ku ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, amalimva kawirikawiri. Mukalowe ndi umboni wa ntchito yanu: nyengo zingati za feteleza zimene mwatseka mabuku popanda thumba losowa, anthu angati amene mwawaphunzitsa ntchito. Za fizi ya ana ndi ngongole ya banki m'khonde zisiyeni kunyumba, si zimene amalipirira.

Chenjeraninso akamati malipiro akhale pomwepo koma akupatsani alawansi yonenepa. Penshoni, kuphatikizapo 10 peresenti imene kampani imakuikirani, kawirikawiri imawerengedwa pa malipiro enieni, ndipo alawansi savuta kuichotsa zinthu zikathina. Funsaninso ngati akukupatsani udindowo kapena mukungogwirizira. Ndaonapo anthu akugwirizira zaka ziwiri, ntchito ya bwana, malipiro a kalaliki.

Nkhani yosamuka ikhale payokha. Musalole kuti aiphatikize ndi malipiro, ngati kuti K90,000 ija ndiyo ikunyamulireni katundu. Akukusamutsani ndi iwo, pa zofuna za kampani yawo. Yambani mwaona buku la malamulo a pantchito panu, poti makampani ambiri ali nalo koma limagona m'kabati ya a HR. M'boma ndalama yotereyi amaitcha disturbance allowance, ndipo makampani ena ali ndi yawo yofanana nayo. Ngati kwanuko kulibe, pemphani zinthu zotchulika: lole ya katundu ndi ulendo wa banja, malo ogona sabata ziwiri kapena zitatu pamene mukusaka nyumba, masiku angapo osadulidwa patchuthi chanu, ndi ndalama ya lendi yoyambira. Akakana kukupatsani ya lendiyo, pemphani akubwerekeni popanda chiwongoladzanja, azidula pang'onopang'ono. Ya lole, ndi bwino alipire okha kwa mwini galimoto, kusiyana n'kuidutsitsa pa pepala lanu la malipiro pamene msonkho ungailume.

Pa mwana wa Sitandade 8 ndipo ndaima kwambiri. Mayeso a MANEB amalembera kumene analembetsa, ndipo kumuzula pakati pa chaka, aphunzitsi atsopano, anzake atsopano, n'kumusokoneza pa nthawi yoipitsitsa. Apa muli ndi chopempha chimene sichiwadyera ndalama zambiri abwana: mupite nokha kaye, banja litsatire mayeso akatha, ndipo lole ija ilembedwe kuti idzabwera nthawi imeneyo. Kusunga nyumba ziwiri miyezi ingapo n'kowawa, ndiye funsani ngati angathandizepo ya ulendo wobwera kumudzi kawiri pamwezi.

Mantha anu akuti mwayi upita kwa wina ndawamva. Koma ganizani: anasankha inu pakati pa anthu onse a m'nthambi zawo. Kupeza wina wakunja n'kulengeza, kufunsa mafunso, kuphunzitsa munthu miyezi ingapo nyengo ya feteleza ili pakhomo. Funso limodzi laulemu silingawathawitse. Chimene chimakwiyitsa mabwana ndi kuopseza kuti musiya ntchito pamene mulibe kolowera, kapena kutchula malipiro a mnzanu amene anakuuzani mwachinsinsi. Mungonena kuti: "Bwana, ndathokoza pondikhulupirira, ndipo udindowu ndikuufuna. Ndipatseni masiku atatu ndione kalata yake, pali zinthu zingapo za malipiro ndi kusamuka zimene ndikufuna tigwirizane." Lamulo la zantchito la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito apereke mfundo za ntchitoyo zolembedwa, malipiro ali momwemo, ndiye kupempha kalata si mwano.

Akawonjezera pang'ono pokha, pemphani alembe mwezi umene adzaunikenso malipirowo, mwachitsanzo pakatha miyezi 6. Kalata ikafika, iwerengeni muli khale kunyumba, osati mutaimirira mu ofesi cholembera chili m'manja.

Ndipo tsiku la ulendo, uzani anyamata a lole amange lona bwinobwino pamwamba pa matiresi. Ngakhale mutanyamuka pa Ntcheu dzuwa likuswa mtengo, mukamafika kuno ku Dedza mutha kupeza nkhungu yatsika m'phiri, kamvula kakuwaza.