Yankho kwa amalume pa nkhani ya market risk benefit assets

Amalume, ndamvetsera funso lanu lija lokhudza mawu akuti market risk benefit assets amene mwawaona m'lipoti la pachaka la kampani ya inshuwalansi imene munagulako annuity yanu (pangano loika ndalama ku kampani kuti izidzakulipirani pang'onopang'ono m'tsogolo) ku America, komanso ngati zimenezi ndi ndalama zimene kampaniyo yakusungirani. Si ndalama zosungidwa ayi, ndipo ndikupemphani kuti musazione ngati chuma chogwirika m'manja.

Makampani monga Jackson, Lincoln Financial ndi Brighthouse amagulitsa ma variable annuity, amene ndalama zake zimakwera kapena kutsika motsatira msika, okhala ndi lonjezo lakuti ngakhale mitengo ya masheya itagwa, munthu azitapabe ndalama zimene anagwirizana moyo wake wonse, kapena akamwalira, osiyidwa adzalandire zosachepera zimene iye anaikamo. Pofuna kusunga lonjezoli, kampani imadula kangachepe pa ndalama zanu chaka ndi chaka. Mu 2018, bungwe la FASB, limene limaika malamulo a kalembedwe ka mabuku a chuma ku America, linalamula kuti malonjezo otere aziwerengedwa pa mtengo wa pamsika wa tsiku lotsekera mabuku, ndipo makampani akuluakulu anayamba kutsatira lamuloli mu Januwale 2023.

Tsiku limene munagula, akatswiri anapatula gawo la zodulidwazo lolingana ndi zimene ankayembekezera kudzakulipirani, kotero kuti mbali ziwirizi zinafanana. Masheya akakwera, kapena chiwongoladzanja chikakwera monga mmene Federal Reserve, banki yaikulu ya ku America, inachikwezera kuchoka pafupifupi pa ziro mu Malichi 2022 mpaka kupitirira 5 peresenti mu 2023, zimene kampani ikuyembekezera kudzalipira zimachepa pamene zimene ikuyembekezera kudzadula zikukhala zochuluka kuposa zodzalipirazo, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kumalembedwa kumbali ya chuma. Nambalayo imadaliranso kulosera za utali wa moyo wa anthu ndi kuchuluka kwa amene adzathetse mapangano awo msanga, ndipo msika ukagwa, lonjezo lomwelo likhoza kusamukira kumbali ya ngongole m'miyezi yochepa chabe. Chimene chimandichititsa kutsindika ndi chakuti malonjezo amtunduwu anaivulaza kwambiri kampani ya inshuwalansi ya Hartford pa mavuto a zachuma a 2008, mpaka inathandizidwa ndi boma mu 2009, kenako inasiya kugulitsa ma annuity mu 2012.

Mukatsegulanso lipotilo, yang'anani mzere wa market risk benefit liabilities, umene umaonetsa malonjezo amene ali kumbali ya ngongole, ndipo muwerenge mmene kampani imadzitchinjirizira msika ukagwa. Oyang'anira inshuwalansi m'maboma a ku America amayeza mphamvu za kampani ndi mabuku ena otsatira malamulo a NAIC, bungwe la oyang'anirawo, osati awa. Zimene inu mudzalandire zalembedwa m'pangano lanu, choncho munditumizire kumbali tsamba lofotokoza za lonjezolo kuti tiliwerengere limodzi Loweruka.