Mavuto Omwe Angatsatire Mwana Akaikidwa Mafuta a M'mafupa

Funso: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 ali ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sikoselo, ndipo madokotala ati angachire ataikidwa mafuta a m'mafupa ochokera kwa mlongo wake, yemwe atamuyeza apeza kuti akugwirizana naye. Tikukonzekera ulendo wa ku India. Kodi ndi mavuto otani omwe angabwere chithandizochi chikachitika?
Mayi wodera nkhawa, Lilongwe

Yankho: Mayi, muli ndi mwayi, pakuti mwa abale a mayi ndi bambo mmodzi, mmodzi yekha mwa anayi ndiye amagwirizana chonchi, ndipo ana a sikoselo oposa 90 mwa 100 alionse olandira kwa m'bale wotere amapulumuka. Komabe mavuto alipo, ndipo ena amadzaoneka mutabwerera kale kumudzi.

Mwana amayamba walandira mankhwala amphamvu opha mafuta ake akale. Pa masabata awiri mpaka anayi omwe maselo atsopano ochokera kwa mlongoyo amatenga kuti agwire, thupi limakhala lopanda asilikali olimbana ndi matenda, kotero tizilombo tochepa chabe tikhoza kumudwalitsa kwakayakaya. M'kamwa mumatuluka zilonda zomulepheretsa kudya, tsitsi limathothoka, ndipo magazi amachedwa kuundana. Nthawi zina timitsempha ta m'chiwindi timatsekeka, mimba nkutupa, maso nkuchita chikasu.

Vuto lomwe tikufuna mulimvetse bwino ndi lomwe madokotala amalitchula kuti GVHD. Asilikali ochokera kwa mlongoyo akakhazikika, amatha kuona thupi la mchimwene wake ngati lachilendo nkuyamba kulimbana nalo. Kawirikawiri izi zimaonekera m'masiku 100 oyambirira: zidzolo zofiira zoyambira m'zikhatho ndi kumapazi, kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, kapena chikasu. Mtundu wina umadza mochedwa ndipo ukhoza kukhala zaka, khungu nkumauma ndi kulimba, maso nkusowa misozi, kupuma nkumavuta. Pofuna kupewa izi mwana amamwa mankhwala monga ciclosporin kapena tacrolimus kwa miyezi yambiri, koma mankhwalawo amafooketsanso chitetezo cha m'thupi, amalemetsa impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, zomwe kwa ana a sikoselo zimatha kufika pokomoka. Musawasiye kapena kuchepetsa mlingo panokha, ngakhale mwana akuoneka wathanzi.

Zimachitikanso kuti thupi likukana maselo atsopanowo, sikoselo nkubwerera. Nkhani ya kubereka nayo muifunse musananyamuke, ngakhale ikuoneka yakutali kwa mwana wa zaka 9, chifukwa mankhwala amphamvu aja amawononga mphamvu yobereka mwa ambiri.

Nkhawa yathu yaikulu ili pa nthawi yomwe mudzakhale mutabwerera. Kuno kuli malungo ndi chifuwa chachikulu, ndipo tazolowera kuti thupi likatentha timapereka panado nkudikira kuti kuche. Kwa mwana uyu, kutentha kofika madigiri 38 kumafuna kuthamangira kuchipatala usiku womwewo, mutanyamula mapepala onse a ku India. Azigona m'neti, azimwa madzi owiritsa, ndipo asayandikire wodwala chikuku kapena katsabola. Katemera wa kusikelo adzafunika kubwerezedwa, poti chitetezo chake chimafufutika, koma wa chikuku amadikira pafupifupi zaka ziwiri. Musanakwere ndege, gwirizanani ndi dokotala wa ana kuno yemwe adzapitirize kumuona, ndipo mufunsitse komwe magazi ake azikayezedwa ndi komwe mankhwalawo azikapezeka akatha.