Mfuti ikufunanji pamene mwana akulandira katemera wa poliyo?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti anaona chithunzi cha ku Pakistan: mtsikana akudonthetsera khanda katemera wa poliyo m'kamwa, kumbuyo kwake kutaima munthu wa yunifolomu mfuti ili m'manja. Funso lawo ndi lakuti, kodi asilikali akulowapo bwanji pa nkhani ya zaumoyo, nanga si kuopseza makolo kumeneku?

Mayi, nkhawa yanuyo nanenso imandigwira, koma tiyambe ndi chimene chimawabweretsa. Katemerayu ndi wosavuta: madontho awiri, kenaka kupaka inki pa kachala kakang'ono ka mwana. Chovuta ndi kufika pakhomo. Pamene mayiko anagwirizana mu 1988 zothetseratu poliyo, ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse. Matendawa akhala akukakamira kwambiri kumene kukulira mfuti.

Taonani ku Nigeria. Mu 2016 poliyo anapezekanso m'chigawo cha Borno, kumene zigawenga za Boko Haram zinatsekereza midzi kwa zaka. Kumeneko asilikali ankaperekeza ogwira ntchito zachipatala, ndipo kumene munthu wamba sakanaponda, asilikali ena anaphunzitsidwa kupereka madonthowo iwo eni. Pa 25 Ogasiti 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi kachilombo ka poliyo kachilengedwe. Ntchito ya asilikaliwo sindingaichepetse.

Ku Pakistan ndiye nkhani yake imandiwawa. Mu 2011 a CIA, bungwe la akazitape la ku America, posaka mtsogoleri wa zigawenga Osama bin Laden mumzinda wa Abbottabad, anakonza katemera wachinyengo wa matenda a chiwindi kuti apeze mpata wolowera pakhomo pake. Zitadziwika, aliyense woyenda ndi kabokosi ka katemera anayamba kuonedwa ngati kazitape. Mu 2012 zigawenga za Taliban zinaletsa katemera m'dera la North Waziristan, ndipo opereka katemera anayamba kuwomberedwa, ambiri mwa iwo amayi. Mu 2014 dzikolo linapeza ana 306 opuwala. Chaka chomwecho gulu lankhondo la boma linalowa m'deralo, anthu anathawa, ndipo ana awo ankalandira madontho m'misewu pamalo ofufuzira anthu. Mu 2015 chiwerengero chinatsikira pa 54. Munthu wamfuti amene munamuona uja kawirikawiri amakhala wapolisi, ndipo nawo aphedwa ambiri poteteza amayiwa.

Ine ndimaona kuti thandizo lalikulu la ankhondo ndi kutsegula njira ndi kutontholetsa mfuti. Ku El Salvador mu 1985 mbali ziwiri zomenyana zinkaleka nkhondo masiku ena kuti ana alandire katemera. Ku Gaza mu Seputembala 2024 kuleka kumenyana kwa maola angapo patsiku kunathandiza kuti ana oposa 550,000 alandire madontho. Koma botolo la katemera, ngati n'kotheka, likhale m'manja mwa munthu amene mayi wa mwanayo amamudziwa, monga timawadziwira alangizi a zaumoyo kwathu kuno. Kholo lokakamizidwa ndi mfuti limatsegula chitseko lero, mawa n'kubisa mwana kumunda.

Musaone ngati za ku Pakistan zili kutali. Mu Febuluwale 2022 kuno ku Malawi kunalengezedwa kuti kamtsikana ka zaka zitatu ku Lilongwe kapuwala ndi poliyo, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wochokera ku Pakistan komweko.