Malenzi akale pa kamera ya lero: kodi mpamba ubwerera?

Funso: Ndimajambula zithunzi pa malipiro. Ndimajambula anthu, katundu wa ogulitsa pa intaneti, ndipo nthawi zina maukwati. Kamera yanga ndi Sony ya mirrorless, yopanda kalilole mkati, sensa yake (kachipangizo kolandira chithunzi m'malo mwa filimu) ndi ya saizi ya APS-C, ndipo lenzi ndili nayo imodzi yokha, ija inabwera ndi kamera. Makasitomala akufuna zithunzi zoti munthu aoneke bwinobwino koma kumbuyo kukhale kwa chimbuuzi. Ndalama imene ndasunga ikukwana lenzi imodzi yatsopano ya autofocus, yofokasa yokha, kapena malenzi atatu akale a nthawi ya filimu, ofokasa ndi dzanja. Ndigule ziti?

Achimwene, atatuwo ayi. Ngakhale mutasankha akalewo, yambani ndi imodzi, ndalama yotsalayo isungidwe. Koma musanatulutse ndalama, tsegulani kaye buku lanu la zolowa muone kuti miyezi yapitayi ndalama zambiri zinachokera ku ntchito iti mwa zitatu mwatchulazo. Bukulo ndilo liyankhe funso lanu, ine ndingokuonetsani powerengera.

Pa kamera muli ndi mwayi. Lenzi iliyonse inapangidwa kuti izikhala pa mtunda wakewake kuchokera pa filimu, malinga ndi mtundu wa pomangira pake. Ya M42, ija yomanga mozungulitsa, ndi ya Pentax K zimafuna mamilimita 45.46, ya Nikon F 46.5, ya Minolta MD 43.5, ya Canon FD 42. Pa Sony yanu, kuchokera pomangira lenzi kukafika pa sensa pali mamilimita 18 okha, poti mkati mulibe kalilole. Ndiye adaputa ndi kachitsulo chabe kodzaza mpata wotsalawo, mulibe galasi, mulibe waya, n'chifukwa chake sikadula. A Fujifilm X, Nikon Z, Canon RF ndi Micro Four Thirds nawo ali pabwino pomwepo.

Amene muli ndi DSLR, kamera yokhala ndi kalilole mkati, musathamange. Pomangira lenzi pa DSLR ya Canon, potchedwa EF, mtunda wake ndi mamilimita 44, choncho lenzi ya FD ikanafunika kulowa mkati mwa kamera kuti ifokase zakutali. Adaputa yake imakhala ndi galasi, ndipo galasilo limafewetsa chithunzi chimene munagulira lenziyo. Vuto lomweli likupezani mukaika ya M42 pa DSLR ya Nikon. Canon inabweretsa EF m'malo mwa FD mu 1987, ndipo malenziwo anakhala zaka zambiri opanda kamera yatsopano yowalandira bwino. Panasonic itatulutsa Lumix G1 mu 2008, kenako Sony n'kubwera ndi A7 mu 2013, makamera onsewa opanda kalilole, ogula malenzi akale anachuluka ndipo malenzi otchuka anayamba kukwera mtengo. Musamaganize kuti chilichonse chakale n'chotchipa.

Sensa yanu ndi yaing'ono poyerekeza ndi filimu ya 35mm, ndiye imadula m'mbali. Lenzi ya 50mm izionetsa ngati ya 75mm. Pojambula munthu kuyambira m'mapewa kupita kumutu, zimenezo ndi zabwino kwambiri. Koma ya 28mm, imene kale inkatenga gulu lonse, pa kamera yanu ikhala ngati ya 42mm. M'chipinda chopanikiza mudzafika pogunda khoma ndi msana anthu a m'mphepete asanalowe. Lenzi inabwera ndi kamera ija musaigulitse.

Tsopano pamene pagona ndalama. Lenzi yakale siyankhulana ndi kamera. Aperture, bowo lolowetsa kuwala lija, mutembenuza nokha pa lenzipo, fokasi ndi zala zanu, ndipo kabokosi kaja kamene kamatsata diso la munthu kasiya ntchito. Mu menyu muyenera kulola kamera kujambula ngati ilibe lenzi, apo ayi batani likana. Thandizo lilipo: focus peaking imapaka mtundu pa zinthu zimene zafokasika, komanso mukhoza kukulitsa chithunzi musanadine. Koma pa f/1.8, aperture itatseguka kwambiri (nambala ikachepa, bowolo limakula), munthu ali pafupi, malo ofokasika ndi masentimita ochepa. Akangoweramira kutsogolo poseka, khutu lituluka lakuthwa, diso lili mbuu. Pa kasikirini ka kamera zioneka bwino, mukazindikira usiku pa kompyuta kasitomala atapita kale. Peaking nayo imanama, imawala pa tsitsi ndi pa kolala pomwe diso laphonyeka. Chodalirika ndi kukulitsa, ndipo kukulitsa kumadya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma mkwatibwi amene akuyenda kubwera kwa inu sadikira kuti mudekhe.

Choncho gawani ntchito zanu pawiri: zimene zingabwerezedwe ndi zimene sizingabwerezedwe. Nsapato ya wogulitsa pa intaneti sisuntha. Kamera ili pa tripod, lenzi pa f/8, mwakulitsa, mwafokasa, mwadina. Ikalakwika mujambulanso. Pamenepo autofocus ilibe chimene ikukuonjezerani, ndipo lenzi yakale ya macro, yojambulira zinthu pafupi kwambiri, ngati Micro-Nikkor 55mm f/3.5 igwira ntchito yoti kasitomala sangasiyanitse ndi ya lenzi yodula. Munthu wokhala pampando mu situdiyo, chimodzimodzi. Vidiyo ya munthu woyankhula atakhala pansi ndiye akalewa amaikonda, chifukwa pofokasira pake pamayenda mosalala, mtunda wautali, popanda phokoso la mota. Koma kuvekana mphete kumachitika kamodzi. Mukaphonya, chimene mwaluza si mtengo wa lenzi ayi. Mubweza ndalama ya ntchito yonse, ndipo abale a banjalo, amene akanakhala makasitomala anu a mawa, amva.

Musakhulupirire ine, yesani. Bwerekani lenzi yakale kwa mnzanu, mujambule zithunzi 50 za munthu wokhala pansi ndi 50 za munthu akuyenda kubwera kwa inu, zonse pa f/2. Mukazitsegula pa kompyuta muwerenge zimene mungapereke kwa kasitomala osachita manyazi, ndipo mulembe nthawi imene zinakutengerani. Ngati buku lanu likuonetsa kuti maukwati ndiwo akukudyetsani, gulani ya autofocus, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, yakaleyo idzabwere ndi phindu la mtsogolo. Ngati ndalama zambiri zikuchokera ku katundu ndi anthu okhala phee, 50mm yakale imodzi ndi adaputa yabwino zikwanira, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku magetsi ounikira. Kuwala kumasintha chithunzi kuposa lenzi yachiwiri.

Yogula ikhale 50mm wamba: Pentax-M f/1.7, Minolta MD f/1.7, Canon FD f/1.8, Olympus Zuiko f/1.8. Ankaigulitsa pamodzi ndi makamera, ndiye ilipo yambiri ndipo mtengo wake suuluka. Ma zoom akale asiyeni, ambiri ndi olemera ndipo amagonja kwa lenzi muli nayo kaleyo. Helios 44-2, ya 58mm f/2 yopangidwa ku Soviet Union, anthu amaifuna chifukwa kumbuyo kwa chithunzi kumaoneka ngati kukuzungulira. Kungoti kuzungulirako kumachitika m'mphepete, ndipo m'mphepetemo ndi mmene sensa yanu imadula, ndiye mulipira zimene muziona pang'ono chabe. Ine pa ntchito ya malipiro sindingayambire imeneyo. Mukadzafuna yachiwiri, khalani pa mtundu umodzi kuti adaputa ikhale yomweyo.

Pogula tengani tochi. Tsegulani aperture yonse, walitsani kuchokera kumbuyo, muyang'ane mopendeketsa. Fumbi lochepa lisakuopseni. Timizere toyera tophukira nthambi kuchokera m'mphepete ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi mpaka kusiya zipsera zosachoka. Chifunga chamkati chimachititsa zithunzi kutuwa mukayang'anitsa kamera ku kuwala. Timasamba ta aperture tikhale touma, tizitseka msangamsanga. Tikamanyezimira ndiye kuti mafuta alowa. Kukandika kwa galasi lakumbuyo n'koipa kuposa kwa lakutsogolo. Super-Takumar 50mm f/1.4 mukaipeza yachikasu, sikuti yaonongeka: galasi lina mmenemo lili ndi chitsulo chotchedwa thorium, ndipo chikasucho chimachepa ikaikidwa pa kuwala kwa UV. Kenako imangeni pa kamera yanu mufokase chinthu chakutali kwambiri. Wogulitsa pa intaneti amene sakulola kubweza katundu, mtengo wake muziuona ngati wa lenzi yofunika kukonzetsa.

Ndipo powerengera musaiwale adaputa, hood (chotchinga kuwala kutsogolo kwa lenzi), zotumizira ndi kutsukitsa. Zonsezo mukaphatikiza, yerekezani ndi malenzi atsopano ofokasa ndi dzanja a TTArtisan kapena 7Artisans, amene amamangika pa kamera yanu popanda adaputa. Nthawi zina kusiyana kumatsala kochepa.

Funso lina: Malemu bambo anga anasiya bokosi la malenzi akale. Ndikuganiza zowagulitsa, ndalamayo ndiyambire bizinesi yogula ndi kugulitsa malenzi otere.

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo. Za m'bokosizo gulitsani imodziimodzi, osati mulu, chifukwa wogula mulu amawerengera yabwino imodzi, zinazo n'kutenga ngati zaulere. Lembani zonse zili kutsogolo kwa lenzi iliyonse, mufufuze mtengo umene zofanana nazo zinagulitsidwadi. Pa eBay, msika wa pa intaneti, pali posankha kuti muone zogulidwa kale zokha. Mtengo umene munthu akuitanira si umboni wa kanthu. Musatsegule lenzi kuti muitsuke nokha, ndipo chilema chilichonse chijambuleni, muchinene poyera, kuti katundu asakubwerereni.

Za bizinesiyo, dekhani kaye. Katunduyu amayenda pang'onopang'ono, ogula ake amadziwa zinthu, ndipo mpamba ukhoza kugona pa shelefu miyezi chinyezi chikuudya. Lembani masiku amene lenzi iliyonse ya bambo itenge kuti igulidwe. Zikatha, chiwerengerocho chikuuzani mitundu yoyenera kuoda ndi yoyenera kuisiya. Podikira ogula, zichotseni m'zikwama zake zachikopa, muziike pouma, pofika kuwala, m'chotengera chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.