Funsani Amisiri: Chinyezi M'munsi mwa Khoma la Galaja

Funso: Zikomo amisiri. Nyengo ya dzinja khoma la galaja yanga limanyowa cha m'munsi, penti ikusendeka ndipo pakutuluka zoyera ngati ufa. Ndipakenso penti? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Musapake kaye, bambo. Njerwa zimakoka madzi a m'nthaka monga chingwe cha koloboyi chimakokera palafini, ndipo zoyerazo ndi mchere wotsalira madziwo akauma. Penti ya mafuta imangotsekera chinyezi mkati, choncho chimakwera pamwamba.

Yambirani panja. Pepala lakuda lotchinga chinyezi lomwe amaika pakati pa njerwa m'munsi mwa khoma, lomwe amisiri amati DPC, liyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Kawirikawiri vuto limakhala dothi kapena bedi la maluwa lomwe lakwirira pepalali. Chotsani dothilo, kenako muwake kakhonde ka simenti kotambalala masentimita 60, kopendekera kunja, kuti madzi a padenga asadikhe patsinde pa khoma.

Mkati, gumulani pulasitala kufika masentimita 30 pamwamba pa mzere wonyowa. Mcherewo muchotse ndi bulashi youma, chifukwa mukautsuka umasungunuka n'kubwerera m'njerwa. Khoma liume masabata angapo, n'chifukwa chake ntchitoyi imakoma pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Pulasitala watsopano akhale ndowa 1 ya simenti pa ndowa 4 za mchenga wa kumtsinje wosefa, muthiremo mankhwala oletsa madzi monga alembera pachigubu. Apa ambiri amalakwitsa: pulasitala asagunde pansi, siyani mpata wa masentimita 2, apo ayi adzamwa madzi otsika m'matayala a galimoto.