Kodi kulipira pa geti ya show ndi kutaya ndalama?

Ndalandira email kuchokera kwa achimwene ena, aphunzitsi a ku Dwangwa. Akufuna kubwera kuno ku Senga Bay kudzaonera zoimbaimba za pamchenga koma madam akaniza, akuti nyimbo zonsezo zili kale mu foni, ndalamayo ipite ku feteleza. Ndiye akufunsa kuti wolakwa ndani. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima chifukwa mawu a alamu angawo ndi omwe ndinakula nawo, kungoti mayi anga ankati zili kale pa wailesi.

Ine ndinakulira pa Kamuzu Road pompano pa Salima. Bandi ikabwera tinkadziwira galimoto yozungulira ndi chimkuzamawu masana, basi ife liwiro kukaona akutsitsa masipika pa lole, ena mpaka kupempha kunyamulako zingwe poganiza kuti mwina atilowetsa ulere. Sankatilowetsa. Tinkamvera kuseri kwa mpanda mpaka tulo. Tsiku limene ndinalowa ndi ndalama yangayanga ndinali nditayamba ganyu mu golosale ina, ndipo kunabwera Ma Blacks, anyamata a ku Chileka aja, patapita zaka ndithu Evison Matafale atatisiya mu 2001. Nyimbo zawo ndinkazidziwa zonse pamtima, koma zimene ndinamva usiku umenewo sizinali za pa wailesi ayi. Besi imagunda mu nthiti, woimba ng'oma thukuta lili kamukamu, nyimbo ya mphindi zochepa ankaikoka mpaka anthu atakhutira chifukwa amaona okha kuti anthu sakufuna ithe. Pafupi nane panali mdala wina wa kabaza amene ankanditenga m'mawa uliwonse, munthu wosalankhula, nkhope yokwinya nthawi zonse, mwana wake anali atamwalira chaka chomwecho. Ndinamuona akuvina maso atatseka, akuimba mawu onse, misozi ikutsika, ndipo pambali pake bwana wina wa ku boma atamugwira paphewa ngati anabadwa bere limodzi. M'mawa mwake anandikweza pa njinga monga mwa masiku onse ndipo njira yonse ankaimba chapansipansi. Ndalama imene analipira pa geti inali ya maulendo ambiri a kabaza, ndipo palibe angandiuze kuti anaitaya.

Koma tsono apa ndi pamene mtima wanga umawira. Masiku ano pali oimba ena amabwera ndi DJ ndi fulashi basi, nyimbo ikulira yokha ndi mawu awo omwe, iwo kumangodumpha pa siteji kumakuwa kuti manja m'mwamba. Ndinapitako ku show ina yotere, anthu tinadikira mpaka kuma 2 koloko usiku, woimba anakwera, nyimbo zingapo zodulidwa pakati, kenako ulendo. Kumeneko ndi kuba, sindibisa mawu. Ngati mukupita kukaonera zoterozo ndiye alamu akunena zoona, khalani pakhomo mumvere mu foni, mwinanso zimveka bwino kuposa. Munthu akalipira pa geti akulipira manja a anthu amene anakhala zaka akuphunzira gitala, kiyibodi, ng'oma, osati kuona nkhope ya munthu wa pa TV.

Komanso tisamaiwale kuti anthu amenewa amadyera pa geti pomwepo. Makaseti anatha, ma CD anatha, nyimbo timangothirana mu memory card pa msika kapena kutumizirana pa WhatsApp, woimba osaonapo kanthu. COSOMA ilipo kuyambira 1992 yotolera ndalama za oimba, koma mnyamata woimba besi kumbuyo kuja kapena wonyamula masipika, chakudya chake chili pa show. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zonse zinakwera, zingwe za gitala, mafuta a lole, jenereta, ndiye mukaona tikiti yakwera si nkhanza zokha ayi. Tikamati zili kale mu foni, mu foni muja zinafikamo bwanji ngati woimbayo sakudya?

Nkhani ina imene imandiwawa ine monga mwana wa kuno ndi iyi. Nyanja yathu ndi imene imakoka zikondwerero zikuluzikulu. Lake of Stars inayambira ku Chintheche mu 2004, mu 2018 inachitikira kuno ku Salima, mu 2024 inali kwanu ku Nkhotakota. Sand Music Festival anaiyambitsa malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, ndipo yachitikira ku Senga Bay kangapo. Masiku amenewo bizinesi imayenda, a kabaza, amayi a usipa ndi chambo chootcha, a ziboliboli, malo ogona amadzaza onse mpaka anthu kubwereketsa zipinda za m'nyumba zawo. Zabwino ndithu. Koma pitani kumbuyo kwa mpanda usiku mukaone, ana a asodzi ali mbwee pamchenga kumvera chapatali, chimodzimodzi ife kale pa Kamuzu Road, pomwe mchengawo ndi wa makolo awo. Okonza zinthu zotere aziganizirako eni dera, kaya tsiku limodzi la mtengo wotsika, kaya siteji ina kunja masana. Woimba wamawa ali pakati pa ana amenewo ndipo sadzagwira gitala ngati sanaione ikulira pafupi. Ndiponso kwanu kuja muli ndi malipenga ndi chioda, ng'oma zenizeni, zaulere, koma ena timazinyoza kuti ndi zachimidzi kenako nkumalipira ndalama zambiri kukaonera fulashi. Zimenezi zimandinyansa kwambiri.

Tsono mupite kapena ayi?

Mupite, koma ndalama ya feteleza musaikhudze, pamenepo alamu sakulakwa ngakhale pang'ono, mvula siidikira show. Sungani pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro, ngati alipo matikiti a tsiku limodzi gulani amenewo, ndipo musanagule fufuzani kuti tsiku limenelo kuli mabandi oimba ndi zida kapena ayi. Malo ogona pezeranitu msanga, ngati muli ndi abale ku Salima kuno agogodereni, musayende usiku pa M5 kubwerera ku Dwangwa mutatopa. Ndipo musabwere nokha, atengeni alamuwo, muwerengere matikiti awiri kuyambira pano. Ngati ndalama ya awiri siikwana chaka chino, dikirani bandi ikadzafika pa Dwangwa kapena pa boma la Nkhotakota, geti yake imakhala yotsikirapo, mukayambire pamenepo.